Chisononkho Chachikulu, Mbuliwuli Zochepa

Achemwali anga amagulitsa mbuliwuli pafupi ndi pokwerera maminibasi, ndipo chimanga chimene amakazinga amachita kugula m'matumba ochokera kunja kwa dziko lino. Mtengo wa matumbawo utayamba kukwera limodzi ndi kugwa kwa kwacha, ndinadzipereka kuti ndiziwalimira chimangacho kuseri kwa nyumba yanga, poganiza kuti munthu amene wakulira m'munda sangalephere kulima mbewu ya njere zing'onozing'ono ngati imeneyi. Ndinatapa njere zodzaza manja awiri m'thumba lawo n'kukabzala. Chaka choyamba ndinakolola pang'ono, koma chimangacho chinkaphulika bwino ndithu, moti achemwali sanadandaule. Chaka chachiwiri ndinakolola zochulukirapo. Chaka chachitatu ndinakolola chimanga chimene ndinanyadira nacho, cha zisononkho zitalizitali ndi njere zonenepa, koma patangopita masiku awiri achemwali anandibwezera ndowa yanga ili pafupifupi yodzaza. Anati, "Achimwene, chimanga chanuchi n'chokongola m'maso, koma sichikudzaza timajumbo, ndipo theka lake likungotsalira pansi pa poto."

Chimene ndinkachita zaka zonsezo n'chimene agogo anga anandiphunzitsa, chimenenso alimi ambiri amachita posunga mbewu ya chimanga cha makolo. Pokolola ndinkapatula zisononkho zazikulu kuposa zonse, zodzaza mpaka kunsonga, za njere zazikulu ndi zolemera, ndipo zimenezo ndi zimene ndinkasunga kuti zikhale mbewu. Pa chimanga cha nsima njira imeneyi ili ndi nzeru zake. Pa chimanga cha mbuliwuli, chaka chilichonse ndinkasankha mosadziwa zinthu zenizenizo zimene zimalepheretsa njere kuphulika. Zinanditengera nthawi yaitali ndikuwerenga ntchito ya akatswiri opanga mbewu kuti ndimvetse kuti vuto limene ndinakumana nalo kuseri kwa nyumba ndi lomwelo limene lavutitsa akatswiriwo kwa zaka pafupifupi 100: pa mbewu imeneyi, kuchuluka kwa zokolola ndi ubwino wa mbuliwuli zimakonda kukokerana mbali zosiyana.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyenera kuyamba taona zimene zimachitika m'kati mwa njere imodzi ikakhala pamoto. Njere ya chimanga ili ndi khungu, lija limasanduka gaga tikamakonola, ili ndi mtima umene umamera, ndiponso ili ndi chakudya chimene timapera kuti chikhale ufa. Chakudyacho chili mitundu iwiri: gawo lolimba, looneka ngati galasi mukaswa njere, ndi gawo lofewa, loyera ngati choko. Njere ya mbuliwuli pafupifupi yonse ndi ya gawo lolimba lija, ndipo khungu lake n'lochindikala komanso lolukana mwamphamvu kuposa la chimanga wamba. Njereyo ikatenthedwa, madzi ochepa amene ali m'kati mwake amafuna kutuluka ngati nthunzi, koma khungu limawatsekereza, ndiye amaphika chakudya cholimba chija mpaka chikhale ngati phala lolimba. Kutentha kukafika madigiri pafupifupi 180, mphamvu ya nthunziyo imakhala itaposa ya mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono pafupifupi kanayi, ndipo khungu limang'ambika mwadzidzidzi, phala lija n'kufufuma n'kuuma pomwepo. Akatswiri awiri a ku France, Emmanuel Virot ndi Alexandre Ponomarenko, anaonetsa mu 2015 kuti pa madigiri 170 njere 34 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinaphulika, pamene pa madigiri 180 zinaphulika 96.

Choncho njere imafufuma bwino ngati khungu lake lili lolimba ndi losabooka, ngati gawo lofewa lili lochepa, ndiponso ngati chinyezi cha m'kati chili pa mlingo woyenera, umene ndi pakati pa 13 ndi 14.5 peresenti. Za khungu ndi zimene zinandidabwitsa kwambiri. Mu 2005 gulu la Bruce Hamaker ku yunivesite ya Purdue, m'dziko la America, linayesa mitundu 14 ya chimanga cha mbuliwuli, ndipo linapeza kuti njere zokana kuphulika zinali 4 pa 100 zilizonse pa mtundu wabwino kwambiri, koma zinafika 47 pa mtundu woipitsitsa. Kusiyana kwake kunali m'mene khungu limagwirira chinyezi likatenthedwa. Khungu limene limatulutsa nthunzi pang'onopang'ono lili ngati mphika wa chivundikiro chosakhala bwino: madzi amatha, koma chakudya sichipsa. Mawu a achemwali akuti theka likutsalira pansi pa poto sanali kukokomeza kwenikweni, chifukwa ngakhale m'mitundu yogulitsidwa m'masitolo zoterezi zimapezeka.

Tsopano funso n'lakuti, n'chifukwa chiyani njere yaikulu imakonda kufufuma pang'ono? Njira yachidule imene chimanga chimachulukitsira kulemera kwa zokolola ndiyo kukulitsa njere, ndipo njere ikamakula kawirikawiri imawonjezera gawo lofewa lija pakatikati pake. Gawo lofewalo lili ndi timipata ta mpweya pakati pa timibulu ta chakudya, ndiye nthunzi imapeza kothawira m'malo mophika chakudya chonse mofanana. Kuwonjezera apo, khungu la njere yaikulu limakhala lopyapyala poyerekeza ndi kukula kwa njereyo, ndipo limang'ambika mphamvu ya nthunzi isanakwane. Ogulitsa chimanga chimenechi pamsika wa mayiko amagawa njere potengera kuchuluka kwake m'magalamu 10: zikakhala 52 mpaka 67 ndi zazikulu, 68 mpaka 75 ndi zapakatikati, ndipo 76 mpaka 105 ndi zazing'ono. Ine ndikanawerenga njere zanga za chaka chachitatu, ndikukhulupirira kuti sizikanalowa n'komwe m'magulu atatuwa.

Apa ndi pamene pali chimene ndikuona kuti ndi mutu weniweni wa nkhaniyi. Chimanga cha mbuliwuli chili ndi eni ake awiri amene amayeza phindu ndi miyeso yosiyana. Mlimi amagulitsa pa sikelo, ndipo kwa iye mbewu yabwino ndi imene yatulutsa makilogalamu ambiri pa hekitala. Wokazinga amagula pa sikelo koma amagulitsa potengera kudzaza kwa jumbo, ndipo kwa iye mbewu yabwino ndi imene kilogalamu imodzi yake yadzaza timajumbo tambiri. Akatswiri amayeza kufufuma poona mamililita a mbuliwuli amene atuluka pa galamu imodzi ya njere. Mbewu zabwino za pamsika zimafika mamililita 40 kapena kuposerapo pa galamu, kutanthauza kuti kilogalamu imodzi imapereka malita 40 a mbuliwuli. Mbewu imene ikupereka mamililita 25 imapatsa wokazinga malita 25 okha, pamene mafuta, mchere, makala ndi nthawi zalowa chimodzimodzi. Ku America muyeso umenewu anautenga mozama moti kampani ya Cretors, imene Charles Cretors, wopanga makina okazingira mbuliwuli, anaiyambitsa ku Chicago mu 1885, imapanga chipangizo chapadera choyezera kufufuma, chimene amathiramo magalamu 250 a njere n'kuona pamene mbuliwuli zake zalekezera m'chubu chokhala ndi manambala.

Opanga mbewu akafuna kudziwa m'mene makhalidwe a mbewu amayenderana, amabzala mitundu yambiri m'timinda toyeserera, m'malo angapo, n'kuyeza chilichonse chimene chingayezedwe: msinkhu wa phesi, pamene chisononkho chamerera pa phesilo, tsiku limene ngayaye ndi ndevu zatulukira, chiwerengero cha zisononkho pa phesi, utali ndi kunenepa kwa chisononkho, mizere ya njere, njere za pamzere uliwonse, kulemera kwa njere 100, mapesi amene agwa, zisononkho zowola, kulemera kwa zokolola, ndipo pomaliza kufufuma. Kenako amawerengera nambala yosonyeza ubale wa makhalidwe awiriawiri, imene imakhala pakati pa -1 ndi +1. Ikayandikira +1 ndiye kuti makhalidwe awiriwo amakwerera limodzi, ikayandikira -1 ndiye kuti lina likamakwera linzake limatsika, ndipo ikakhala pafupi ndi 0 ndiye kuti palibe ubale wooneka. M'kafukufuku wambiri wa chimanga cha mbuliwuli, nambala ya pakati pa zokolola ndi kufufuma imatuluka ili pansi pa 0, chimodzimodzinso ya pakati pa kulemera kwa njere 100 ndi kufufuma.

Komabe nambala imeneyi payokha imatha kunamiza munthu. Tiyerekeze kuti zapezeka kuti chimanga chachitali chimabereka kwambiri. Kodi utaliwo ndi umene ukubereketsa, kapena chimanga chachitali chimangokhalanso chochedwa kucha ndi chokhala ndi zisononkho ziwiri, ndipo zisononkho ziwirizo ndi zimene zikuchulukitsa zokolola? Wopanga mbewu akakhulupirira zoyambazo, adzasankha mapesi ataliatali n'kupeza munda umene ukugwa ndi mphepo ya mu February. Pofuna kulekanitsa zoterezi, akatswiri amagwiritsa ntchito njira imene Sewall Wright analongosola mu 1921, imene Dewey ndi Lu anaigwiritsa ntchito pa mbewu mu 1959. Njirayo imaphwanya ubale uja m'magawo awiri: gawo limene khalidwe likukhudza zokolola mwachindunji, ndi gawo limene likukhudza podzera mu khalidwe lina. Zili ngati kufufuza ngati munthu ali mbale wanu wamagazi kapena mwangolumikizana chifukwa cha ukwati wa wina. Onse mumawatcha abale, koma pogawa za pamtundu si onse amene amawerengedwa.

Kuphwanya kotereku kumathandiza chifukwa zokolola si khalidwe limodzi ayi. Kulemera kwa chimanga cha pa hekitala kumachokera ku chiwerengero cha mapesi amene aima mpaka nthawi yokolola, zisononkho za pa phesi lililonse, njere za pa chisononkho chilichonse, ndi kulemera kwa njere iliyonse. Pa zinthu zinayi zimenezi, chimene chimalimbana kwambiri ndi kufufuma ndi chomalizachi. Zitatu zinazo zili ndi mpata waukulu. Chimanga cha mbuliwuli mwachibadwa chimakonda kubereka ana awiri kapena atatu pa phesi limodzi, ndipo wopanga mbewu wanzeru amalimbikitsa khalidwe limeneli, amafunafuna zisononkho zazitali za njere zambiri pamzere, ndipo amasiya njere kuti ikhale ya msinkhu wake. Kunena mwachidule, pa mbewu imeneyi zokolola ziyenera kukwera mwa kuchulukitsa njere, osati mwa kuzinenepetsa. Ine ndinachita zosiyana ndendende: ndinkataya mapesi a zisononkho ziwiri zing'onozing'ono chifukwa sizinkaoneka bwino, n'kusunga chisononkho chimodzi chachikulu cha phesi limene mwina linangokula chifukwa chokhala palokha kumapeto kwa mzere.

Kulimba kwa phesi ndi kupirira ku matenda ndi malo ena amene zokolola ndi ubwino zimagwirizana m'malo mokangana. Chimanga cha mbuliwuli chimadziwika ndi mapesi ofooka ndi mizu yosagwira kwambiri, ndipo chimagwidwa msanga ndi chiwawu cha masamba komanso kuola kwa zisononkho. Chifukwa chake n'chakuti kwa zaka zambiri anthu ankachisankha poyang'ana kuphulika kokha, ndiponso mitundu yambiri ya pamsika inachokera ku mabanja ochepa kwambiri, monga a Supergold, South American ndi Amber Pearl. Masamba akauma ndi chiwawu njere zisanakhwime, gawo lolimba lija silidzaza bwino, ndiye mlimi amataya makilogalamu ndipo wokazinga amataya malita. Phesi likagwa chisononkho n'kukhudza dothi, chuku ndi chiswe zimalowa, khungu la njere limawonongeka, ndipo onse awiri amaluzanso. Choncho mbewu yopirira matenda imapindulitsa mbali zonse ziwiri popanda mkangano uliwonse, ndipo ndikuona kuti m'madera otentha ndi a mvula yambiri ngati kwathu kuno, pamene mbewu zopangidwira nyengo ya ku Nebraska kapena ku Indiana, ku America, zimavutika, apa ndi pamene ntchito iyenera kuyambira.

Ena angafunse kuti bwanji osangokwatitsa chimanga cha mbuliwuli ndi chimanga wamba cha mapesi olimba. Akatswiri amachitadi zimenezo, koma mtengo wake ndi waukulu. Ana a ukwati woterowo amakhala amphamvu ndi obereka kwambiri, koma kufufuma kumagwa kwambiri, ndipo pamafunika kuwakwatitsanso ndi kholo la mbuliwuli kawiri kapena katatu, uku akuyesa kuphulika pa mbadwo uliwonse, kuti kufufuma kubwerere pafupi ndi pamene kunali. Pofika pamenepo mbali ina ya kulimba kumene ankafuna imakhala itatayikanso panjira. Ntchito yofanana ndi imeneyi inachitika ku yunivesite ya Nebraska, kumene gulu la David Holding linakwatitsa chimanga cha mbuliwuli ndi chimanga cha zomanga thupi zabwino, chija chinakonzedwa ndi bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu la CIMMYT. Vuto lalikulu linali lomweli, lakuti jini (kachinthu ka chibadwa kamene mbewu imatengera kwa makolo ake) imene imakometsa zomanga thupi m'chimanga imafewetsanso njere, ndipo njere yofewa siphulika, ndiye anayenera kusankha mosamala ana okhawo amene anali ndi njere zolimba ngati galasi.

Ife Amalawi nkhani ya mkangano wa pakati pa zokolola ndi kulimba kwa njere si yachilendo, kungoti tinakumana nayo pa mtondo osati pa poto. Kwa zaka zambiri alangizi ankalimbikitsa mbewu za haibulidi monga MH12 ndi MH16, zimene zinkabereka kwambiri koma zinali za njere zofewa. Amayi ankazikana pa chakudya cha pakhomo chifukwa pokonola zinkaphwanyika, ufa wambiri n'kupita ndi gaga, ndiponso anankafumbwe ankazimaliza msanga m'nkhokwe. Alimi ambiri ankalima haibulidi kuti akagulitse, koma nsima ya pakhomo inkachokera ku chimanga cha makolo. Zinthu zinasintha pamene akatswiri a ku Chitedze anatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, mbewu zimene zinali zobereka bwino komanso za njere zolimbirako, zokonoleka bwino. Phunziro limene akatswiriwo anatengapo ndi lomwe opanga mbewu ya mbuliwuli amakhala nalo tsiku ndi tsiku, lakuti mlingo woona wa mbewu ndi chimene chatsala m'manja mwa munthu womaliza kuigwiritsa ntchito, kaya ndi mphale ya m'lichero kapena mbuliwuli za m'jumbo.

Chimene chimapatsa chiyembekezo n'chakuti makhalidwe awiriwa sayenda mofanana kuchokera kwa makolo kupita kwa ana. Kufufuma kumayenda mowongoka ndithu: mukakwatitsa kholo lofufuma kwambiri ndi lofufuma pang'ono, mwana amakhala chapakatikati, ndipo khalidweli silisinthasintha kwambiri ndi malo. Ndi chifukwa chake kusankha kosavuta kumagwira ntchito pa kufufuma, monga anachitira katswiri wina wa ku America, Arthur Brunson, ku Kansas, amene ankakazinga njere zochepa za chisononkho chilichonse n'kusunga mbewu ya zokhazo zimene zafufuma bwino. Zokolola n'zosiyana, chifukwa zimadalira kwambiri mphamvu ija imene imabwera pamene makolo awiri osakhala pachibale akwatitsidwa, mphamvu imene imapangitsa haibulidi kubereka kuposa makolo ake onse awiri. Choncho wopanga mbewu amayamba wakonza mitundu ya makolo imene yonse imafufuma bwino, popeza kholo limodzi lofooka limatsitsa mwana, ndipo kenako amafunafuna makolo awiri ochokera ku mabanja otalikirana amene ukwati wawo ungabereke zambiri. Haibulidi yoyamba ya mbuliwuli yogulitsidwa, Minhybrid 250, inatuluka ku Minnesota mu 1934, ndipo pambuyo pake yunivesite ya Purdue inakhala likulu la ntchitoyi. Orville Redenbacher, amene dzina lake lili pa mapaketi a mbuliwuli ku America, anaphunzira za ulimi komweko, ndipo iye ndi mnzake Charles Bowman anatha zaka zambiri akuyesa maukwati a mbewu ku Indiana.

Izi zikulongosolanso mbali ina ya zimene zinandichitikira. Njere zimene ndinatapa m'thumba la achemwali mwachidziwikire zinali zokolola za haibulidi, ndipo aliyense amene anabzalapo haibulidi yobwereza akudziwa kuti ana ake amatuluka osiyanasiyana, ena aatali ena aafupi, ena a njere zazikulu ena a zazing'ono. Kusiyanasiyanako kunandipatsa mwayi wosankha, ndipo ndinasankha molakwika.

Ntchito imene yandisangalatsa kwambiri ndi ya ku Brazil, dziko lotentha limene mavuto ake a ulimi amafanana ndi athu. Ku yunivesite ya UENF, mu mzinda wa Campos dos Goytacazes, gulu lotsogozedwa ndi Antônio Teixeira do Amaral Júnior lakhala likusankha mbewu mobwerezabwereza: amayesa mabanja ambiri a chimanga, amatenga abwino kwambiri, amawakwatitsa okhaokha, n'kuyambiranso ndi ana awo. Posankha sayang'ana khalidwe limodzi ayi. Imodzi mwa njira zimene amagwiritsa ntchito ndi ya Mulamba ndi Mock ya mu 1978, imene ngakhale mphunzitsi wa kupulayimale angaimvetse msanga, chifukwa ili ngati kupeza nambala wani wa kalasi: banja lililonse limapatsidwa malo ake pa zokolola, pa kufufuma, pa kusagwa ndi pa zina, kenako malowo amaphatikizidwa, ndipo amene wachita bwino pa zonse pamodzi ndiye amatengedwa, ngakhale asakhale woyamba pa phunziro lililonse. Mwa njira yotere anatha kukweza zokolola ndi kufufuma nthawi imodzi, ndipo anatulutsa mbewu yotchedwa UENF 14. Zimenezi zikusonyeza kuti ubale wokokerana uja ndi chizolowezi cha mbewu osati lamulo losasweka, popeza pakati pa mabanja mazanamazana pamapezeka ochepa amene amabereka bwino n'kufufumanso bwino.

Gulu lomwelo linalimbikitsanso muyeso umene ndikuona kuti ndi wachilungamo kuposa yonse, wochulukitsa zokolola za pa hekitala ndi kufufuma kuti papezeke kuchuluka kwa mbuliwuli zimene hekitala imodzi ingatulutse. Tiyerekeze kuti mbewu ina yabereka makilogalamu 4,000 pa hekitala ndipo imafufuma mamililita 25 pa galamu; hekitala imeneyo yatulutsa malita 100,000 a mbuliwuli. Ina yabereka makilogalamu 3,000 okha koma imafufuma mamililita 38. Imeneyo yatulutsa malita 114,000. Pa sikelo yoyambayo yapambana, koma pa jumbo yachiwiri ndiyo yapambana. Ndiyenera kuvomereza kuti muyeso umenewu nawonso uli ndi pobisalira, chifukwa mbewu yobereka kwambiri imatha kupeza nambala yaikulu ngakhale mbuliwuli zake zili zolimba potafuna, ndiye pamafunikabe kuika malire akuti kufufuma kusatsike kupitirira pakuti. Ndipo mlimi sangasankhe mbewu yachiwiriyo ngati wogula salipira mtengo wokwererapo pa chimanga chofufuma bwino, nkhani imene opanga mbewu sangaithetse ali m'munda.

Kufufuma si ubwino wokhawo umene ogula amafuna. Pali mbuliwuli zimene zimaphulika n'kutambasula mapiko ngati gulugufe, ndipo zimenezi ndi zofewa m'kamwa, zimagwira bwino mchere, komanso zimadzaza jumbo msanga. Pali zina zimene zimatuluka zozungulira ngati bowa wosatambasuka, zimene sizidzaza malo ambiri koma siziphwanyika pozisonkhezera mu shuga wosungunula kapena pozinyamula ulendo wautali. Wopanga mbewu ayenera kudziwa msika umene akuupangira asanayambe kusankha. Palinso nkhani ya makoko aja amatsalira m'mano: khungu lochindikala limathandiza kuphulika koma limavutitsa wakudya, ndipo apanso pali kukokerana kumene kumafuna kupeza pakati.

Cholakwa changa china chinali cha mungu. Munda wanga wazunguliridwa ndi minda ya anansi, ndipo chimanga chathu chonse chinkatulutsa ngayaye sabata imodzi. Chakudya cha m'kati mwa njere chimatengera mbali ina kwa bambo, ndiye mungu wa chimanga wamba ukagwera pa ndevu za chimanga cha mbuliwuli umatha kusintha njere ya chaka chomwecho, pamene khungu limakhalabe la mayi yekha. Njere yotero ikabzalidwa, chaka chotsatira imatulutsa phesi lamphamvu la chisononkho chachikulu kuposa zonse m'munda, chimene munthu wosankha ndi maso ngati ine amachitola poyambirira penipeni. Mitundu yambiri ya mbuliwuli ya ku America ili ndi jini yotchedwa Ga1 imene imakaniza mungu wa chimanga wamba kuti usamere m'ndevu zake, ngakhale kuti mungu wa mbuliwuli umatha kubereketsa chimanga wamba popanda vuto. Koma si mitundu yonse ya mbuliwuli imene ili ndi mpanda umenewu, ndipo chimanga china cha m'madera otentha chili ndi mungu wotha kuudutsa. Njira yodalirika ndi kutalikitsa munda mamita osachepera 200, kapena kusiyanitsa nthawi yobzala ndi masabata atatu kapena anayi kuti ngayaye zisatulukire limodzi.

Pomaliza pali zimene zimachitika chimanga chitachoka m'munda, zimene zimatha kubisa ubwino wa mbewu ngakhale yabwino chotani. Kumenya zisononkho m'thumba ndi ndodo, monga ambiri timachitira potonola, kumasiya timing'alu pa khungu timene maso saona koma nthunzi imatipeza. Kaboo kamodzi ka nankafumbwe n'kokwanira kulepheretsa njere kuphulika. Kuyanika padzuwa la mu October mpaka njere ziume gwa kumatsitsa chinyezi pansi pa mlingo uja, ngakhale kuti vuto limeneli lokha lili ndi mankhwala: mukathira supuni imodzi ya madzi m'botolo la lita imodzi ya njere, n'kutseka, n'kumakhutchumula kwa masiku angapo, kuphulika kumabwerera. Ndi chifukwa chake akatswiri amayamba afananitsa chinyezi cha mbewu zonse asanaziyese, kuopa kutaya banja labwino chifukwa chongouma kwambiri.

Chaka chino ndayambiranso ndi njere zatsopano, ndipo ndinabzala mochedwa ndi masabata anayi poyerekeza ndi anansi anga. Ndisanakolole ndinayenda m'munda n'kumanga kansalu pa mapesi amene anali chilili, a masamba osapsa ndi chiwawu, ndiponso okhala ndi ana awiri, kusiya a m'mphepete. Pa mapesi amenewo ndinatenga zisononkho 80, ndinazilemba manambala, ndinaziumitsa pamthunzi, ndipo ndinatonola ndi manja. Pa chisononkho chilichonse ndinayeza magalamu 10 pa kasikelo ka kukhitchini, achemwali n'kukazinga pa moto wofanana, ine n'kumathira m'jagi ya manambala ndi kuwerenga njere zotsalira. Ntchitoyi inatitengera masiku atatu a Loweruka, ndipo ana a m'mudzi anadya zoyeserera zonse. Ndasunga zisononkho 20, chifukwa kusunga zochepa kwambiri kungachititse kuti mbewu izikwatirana pachibale n'kufooka. Chisononkho chachikulu kuposa zonse, chimene kale ndikanachipachika padenga monyadira, chinakhala cha nambala 71 pa kufufuma, ndipo chinapita kwa nkhuku. Achemwali akugulabe matumba ochokera kunja, ndipo anena kuti adzaweruza mbewu yanga akadzaona timajumbo timene kilogalamu imodzi idzadzaze chaka chamawa.